Kuphunzitsa Chingerezi kunja: ndi njira iti imene imasiya ndalama m'thumba?

Zotsatsa ntchito yophunzitsa Chingerezi kunja zimadziwa kunyengerera. Malipiro amalembedwa m'madola, nyumba akuti ndi yaulere, ndege akulipirirani. Mphunzitsi wa kusekondale ku Ntcheu kapena ku Chipata akachulukitsa nambalayo ndi mtengo wa dola wa lero, tulo timamuthawa. Chimene zotsatsazo sizinena n'chakuti zambiri sizinalembedwere iye. Zinalembedwera mnyamata wa ku Manchester kapena mtsikana wa ku Toronto amene wangotsiriza kuyunivesite, ndipo malipiro alembedwawo ndi a pasipoti yake. Funso lothandiza ndi ili: ndi pasipoti imene ndili nayo ndi mapepala amene ndili nawo, ndi khomo liti limene linganditsegukire, ndipo chaka chikatha nditsala ndi zingati?

## Muyezo wake

Njira iliyonse tiiyeza pa zinthu zinayi. Choyamba ndi mtengo, kutanthauza zonse zimene mutulutse m'thumba musanalandire malipiro oyamba. Chachiwiri ndi kupezeka kwa ntchitoyo kwa munthu ngati inu. Chachitatu ndi zolipira mwezi ndi mwezi kuti ntchitoyo isakupulumukeni: lendi, msonkho, inshuwalansi, kukonzetsanso ziphaso. Chachinayi ndi zoopsa zake. Malipiro tiwatchula pamutu pa njira iliyonse, koma muwawerenge mukukumbukira kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ndalama yanu ndi imene yatsala lendi ndi msonkho zitadya kale.

Pali zinthu ziwiri zimene zimalamula njira zonsezi. Choyamba ndi pasipoti. Pamsika umenewu mawu akuti "native speaker" amatanthauza nzika ya mayiko ochepa: United States, United Kingdom, Canada, Ireland, Australia, New Zealand, ndipo m'malo ena amawonjezerapo South Africa. Kaya munaphunzira m'Chingerezi mpaka kuyunivesite, kaya galamala mumaidziwa kuposa mwana wa ku London, pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe siili pamndandandawo. Ndi tsankho, ndipo akatswiri ambiri a kaphunzitsidwe ka zilankhulo amalitsutsa, koma m'mayiko ena linalowa mpaka m'malamulo a viza.

Chachiwiri ndi mapepala, ndipo alipo amitundu itatu imene anthu amaisokoneza. Digiri ndiyo imatsegula viza yogwirira ntchito pafupifupi ku Asia konse. Dipuloma yokha nthawi zambiri siikwanira. Pepala lachiwiri ndi satifiketi yophunzitsira Chingerezi kwa anthu a zilankhulo zina. Ya TEFL ya maola 120 imapezeka motchipa pa intaneti, ndipo ntchito yake yaikulu ndi kukhutiritsa wa ku ofesi ya ziphaso. CELTA ya Cambridge ndi nkhani ina: masabata anayi a kalavulagaga, maola 6 ophunzitsa anthu enieni wina akukuonani, ndipo mtengo wake umapitirira madola 1,000 ndi kutali. Imachitikira ku Johannesburg ndi ku Cape Town, komanso pa intaneti. Pepala lachitatu ndi la uphunzitsi weniweni, monga digiri ya maphunziro ya ku University of Malawi, Mzuzu University kapena Domasi, pamodzi ndi zaka zimene mwagwira choko. Ambiri amalinyoza pepalali pothamangira TEFL, chonsecho kwa munthu wa pasipoti yathu ndilo lamphamvu kuposa onse.

Mapepalawa amafunanso zidindo. Dziko la Malawi lili m'pangano la Apostille, limene mayiko amavomerezana zidindo za pa mapepala, kuyambira 1967, motero chidindo chimodzi chimavomerezeka ku Japan, ku South Korea, ku Saudi Arabia, ngakhalenso ku China, kumene analowa m'panganoli mu November 2023. Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique mulibe m'panganoli, ndiye mapepala awo amayenda ulendo wautali wodutsa ku unduna ndi ku ofesi ya kazembe. Onjezani kalata ya kupolisi yotsimikiza kuti mulibe mlandu, mayeso a Chingerezi a IELTS kapena TOEIC, ndi tikiti ya ndege yogula ndi ndalama zakunja zimene kubanki sizipezeka wamba.

## South Korea ndi Japan: mapulogalamu a boma

EPIK, pulogalamu ya boma la South Korea, imayambira pamwamba pang'ono pa mawoni 2 miliyoni pamwezi, nyumba n'kukupatsani yaulere. Mukatha chaka, lamulo la dzikolo limati mulandire malipiro a mwezi umodzi owonjezera. Ku Japan, JET Programme, imene inayamba mu 1987, inakweza malipiro mu April 2025 kufika pa mayeni 4.02 miliyoni pachaka choyamba.

Mtengo. Ndi wochepa poyerekeza ndi njira zina, chifukwa ndege amalipira kapena kubweza ndalama yake. Chanu ndi zidindo ndi ndalama yodyera mwezi woyamba.

Kupezeka. Apa ndiye pamene nkhani imathera kwa ambiri. Viza ya E-2 yophunzitsira Chingerezi ku South Korea ndi ya nzika za mayiko asanu ndi awiri aja, ndipo digiri iyenera kuchokera komweko. Mwana wa Mmalawi wobadwira ku Johannesburg, wa pasipoti ya South Africa ndi digiri ya ku Wits, angalowe, bola aonetse kuti sukulu anaphunzira m'Chingerezi kuyambira Grade 7. Munthu amene anatenga unzika wa South Africa atakula, digiri yake ili ya ku Zomba, sangalowe. JET nayo ili ndi mayiko ake osankhidwa, ndipo South Africa ilipo. Koma Japan ili ndi kakhomo kena: lamulo lake la viza siliona pasipoti, limaona digiri ndi zaka 12 za maphunziro m'Chingerezi. Makampani otumiza aphunzitsi othandizira m'sukulu za boma, monga Interac, amalemba anthu ochokera ku Philippines ndi mayiko ena a mu Africa kudzera pamenepa. Malipiro ake ndi otsika, cha m'mayeni 200,000 mpaka 250,000 pamwezi.

Zolipira mwezi ndi mwezi. Ku South Korea n'zochepa, ndiye chifukwa chake anthu amasunga ndalama. Ku Japan lendi ndi yanu, ndipo polowa m'nyumba eni ake ena amafuna ndalama yothokozera imene siibwezedwa. Pali penshoni, inshuwalansi ya chipatala, ndi msonkho wa kukhonsolo umene umakudzidzimutsani chaka chachiwiri chifukwa umawerengedwa pa malipiro a chaka chapitacho. Gawo la penshoni mumatha kuliitanitsa mukachoka m'dzikomo.

Zoopsa. Yeni yafooka kwambiri: mu 2021 dola imodzi inali pafupi mayeni 110, mu July 2024 inadutsa 160. Wotumiza ndalama kumudzi amaimva kuwawa imeneyi. Makampani otumiza aphunzitsi ena amadula malipiro m'miyezi ya tchuthi. Nazo sukulu zapulaiveti zimagwa: Nova, imene inali yaikulu kuposa zonse ku Japan, inagwa mu 2007 n'kusiya aphunzitsi zikwizikwi opanda malipiro, ena opanda pogona. Ku South Korea patitaimu ya mseri pa viza ya E-2 ndi mlandu wothamangitsidwa nawo m'dziko.

## Thailand, Vietnam ndi China

Kuno ndi kumene aphunzitsi ambiri a mu Africa amathera, ndipo ndi kumene kusiyana kwa malipiro kumaonekera poyera. Ku Thailand sukulu ya boma imalipira mzungu wongoyamba kumene mabaht 30,000 mpaka 35,000 pamwezi. Ntchito yomweyo, kalasi yomweyo, mphunzitsi wa ku Philippines kapena ku Cameroon nthawi zambiri amapatsidwa pakati pa 18,000 ndi 25,000. Ku Vietnam sukulu za madzulo zimalipira pa ola, kawirikawiri pakati pa madola 15 ndi 25, ndipo wopanda pasipoti yokondedwa amayambira kumunsi kwake. China imalipira kuposa awiriwa.

Mtengo. Ndi waukulu kuposa mmene anthu amaganizira. Ndege ndi yanu. Sukulu zambiri za ku Thailand ndi ku Vietnam zimakonda kulemba munthu amene ali kale m'dzikomo, kuti zimuone akuphunzitsa, ndiye kuti muyenera kukhala ndi ndalama yodya ndi yogona miyezi iwiri, ndi chikole cha nyumba. Mayiko awiriwa alibe ofesi ya kazembe ku Lilongwe. China ili nayo.

Kupezeka. Thailand imalola amene si "native speaker" bola akhale ndi digiri ndi mapointi osachepera 600 pa TOEIC. Ngakhale nzika za South Africa zimafunsidwa mayeso amenewa. Chaka cha sukulu chimayamba pakati pa May, chigawo chachiwiri cha m'ma November, choncho ntchito zimachuluka masabata ochepa nthawizi zisanafike. Mwayi uli m'matauni a kutali ndi Bangkok, kumene azungu safuna kukhala. Vietnam imafuna digiri, TEFL ndi umboni wa mayeso a Chingerezi. China inalimbitsa malamulo: viza ya Z yophunzitsira Chingerezi imakondera mayiko aja, ndipo mu July 2021 boma linaletsa makampani kuchita phindu pophunzitsa ana maphunziro a kusukulu akaweruka, zimene zinatseka masukulu ambirimbiri a madzulo. Mphunzitsi wa masamu kapena sayansi wophunzitsa m'Chingerezi ali ndi mwayi woposa wa mphunzitsi wa Chingerezi chenichenicho.

Zolipira mwezi ndi mwezi. Chakudya ndi lendi n'zotsika, makamaka kunja kwa mizinda ikuluikulu. Koma ku Thailand mlendo amakaonekera ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka masiku 90 alionse, viza ndi chiphaso cha ntchito zimakonzedwanso chaka ndi chaka, ndipo chilolezo chongoyembekezera cha bungwe la aphunzitsi, Khurusapha, chili ndi malire ake. Funsani ngati kontrakiti ndi ya miyezi 12 kapena 10. Maejenti ambiri salipira April, mwezi wa tchuthi chachikulu, ndipo ena salipiranso October yense. Mabaht 25,000 a miyezi 10 akagawidwa pa chaka chonse amatsikira pansi pa 21,000, ndipo pamenepo tikiti yobwerera kumudzi simunaiwerengere. Ku Vietnam maola amachepa pa chikondwerero cha Tet, ndipo ola limene simunaphunzitse mulibe ndalama.

Zoopsa. Choopsa chachikulu ndi dobadoba wa pa WhatsApp. Anthu a ku Kenya, Uganda, Ethiopia ndi mayiko ena analonjezedwa ntchito ku Thailand, ena ya uphunzitsi imene, n'kupezeka awolotsedwa mtsinje kupita ku Myawaddy m'dziko la Myanmar, kumene anatsekeredwa m'mipanda yobera anthu pa intaneti. Aliyense amene akukuuzani kuti mulowe ndi viza ya alendo ndipo galimoto ikakutengani pabwalo la ndege kupita kumalo amene sakuwatchula, muthaweni. Ku China, mu 2018 achinyamata oposa 50 a ku South Africa anagwidwa ku Changchun atapezeka akuphunzitsa ndi viza ya ophunzira imene ejenti anawakonzera. Ku Vietnam kampani ya Apax Leaders inatseka malo ake ambiri ili ndi ngongole kwa aphunzitsi ndi makolo, ndipo mwini wake anamangidwa mu 2024. Palinso tsankho la khungu. Sukulu zimapempha chithunzi musanaitanidwe, ndipo zina zimangokhala chete zikachiona. Ndi makolo olipira fizi amene amafuna nkhope yoyera, ndipo eni sukulu amangotsatira ndalama.

## Mayiko a ku Gulf ndi sukulu za maphunziro a mayiko akunja

Ngati cholinga ndi kusunga ndalama, palibe njira yoposa iyi. Ku United Arab Emirates (UAE), Qatar, Saudi Arabia ndi Kuwait malipiro sadulidwa msonkho, ndipo sukulu zabwino zimapereka nyumba, inshuwalansi ndi tikiti ya ndege chaka chilichonse. Ku UAE mukatsiriza kontrakiti mumalandira ndalama ya masiku 21 pa chaka chilichonse chimene mwagwira, m'zaka zisanu zoyamba. Dirhamu inamangiriridwa ku dola pa 3.67, ndiye siigwa ngati yeni. Koma malipiro ake ndi otalikirana kwambiri: sukulu zotchipa za ku Sharjah kapena Ajman zimatha kulipira pansi pa madirhamu 5,000 popanda nyumba, pamene zapamwamba za silabasi ya ku Britain zimapitirira 12,000 nyumba ili padera.

Mtengo. Ndalama yoyambira ndi yochepa, chifukwa bwana ndiye amayenera kulipira viza. Mtengo weniweni ndi zaka. Muyenera kukhala ndi digiri ya uphunzitsi yogwirizana ndi phunziro lanu, ndi zaka zosachepera ziwiri m'kalasi. UAE siili m'pangano la Apostille, choncho mapepala amadutsa ku ofesi ya kazembe wake, pepala lililonse ndi mtengo wake.

Kupezeka. TEFL yokha kuno ilibe mawu. Chimene sukuluzi zimafuna ndi munthu amene anakonzekeretsapo ana mayeso a Cambridge IGCSE, A Level kapena IB. Apa pali njira imene ambiri saiona: sukulu zophunzitsa silabasi ya Cambridge zilipo ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Lusaka ndi ku Harare. Zaka ziwiri kapena zitatu pa sukulu yoteroyo, ngakhale yaing'ono, zimalemera pa CV kuposa zaka zisanu pa sukulu ya madzulo ku Hanoi. Aphunzitsi a ku Zimbabwe anaitulukira kale njirayi. Ntchito zimalengezedwa pa TES, tsamba la pa intaneti la ntchito za uphunzitsi, ndi pa masamba a magulu a sukulu monga GEMS, ndipo za chaka choyamba mu August zimayamba kutuluka chakumapeto kwa chaka chapitacho.

Zolipira mwezi ndi mwezi. Ngati nyumba ili pa kontrakiti, zotsala n'zochepa. Ngati palibe, lendi ya ku Dubai imameza theka la malipiro otsika aja. Wobwera ndi ana afunse za fizi, chifukwa ana a alendo amaphunzira sukulu zolipira, ndipo fizi ya ana awiri ingathe kufafaniza phindu lonse.

Zoopsa. Viza yanu ili m'manja mwa bwana. Ntchito ikatha, nthawi yokhalira m'dzikomo imayamba kutha. Ndalama yotsanzikira ija imawerengedwa pa "basic salary" yokha, ndiye sukulu zina zimaichepetsa dala n'kukulitsa maalawansi. Tonse tinamva za amayi a ku Malawi amene anapusitsidwa kupita ku Oman n'kukasanduka akapolo a m'nyumba. Ntchito ya uphunzitsi yeniyeni imabwera ndi kontrakiti yochokera ku sukulu yodziwika, ndipo sukuluyo siikupemphani ndalama. Chosangalatsa n'chakuti kuyambira December 2023 UAE imapereka chilolezo chaulere cha zaka ziwiri chophunzitsira patitaimu, ndiye ganyu imene kale inkachitika mobisa tsopano ili ndi njira yovomerezeka, bola bwana wanu alole.

## Kuphunzitsa pa intaneti

Njirayi ndi yachilendo chifukwa amene ali kunja ndi wophunzira, inu muli pampando wanu ku Area 25 kapena ku Randburg. Kampani ya Cambly imalipira masenti 17 a dola pa mphindi, kutanthauza madola 10.20 pa ola limene mwalankhula ndi wophunzira. Nthawi yodikira munthu siiwerengedwa. Pa Preply ndi italki mtengo mumaika nokha. Makampani otumikira ophunzira a ku Japan, monga Engoo ndi Native Camp, amalandira anthu a mayiko ambiri koma amalipira malinga ndi pasipoti, ndipo kwa ife ndi madola ochepa kwambiri pa ola.

Mtengo. Kompyuta, mahedifoni, intaneti yodalirika, ndi magetsi osadalira ESCOM kapena ZESCO. Sola ndi batire si zapamwamba pa ntchitoyi, ndi zida zogwirira ntchito.

Kupezeka. Kulembetsa n'kosavuta, kupeza ophunzira ndiye ntchito. Msika unadzaza kuyambira 2021, pamene lamulo la ku China lija linaletsanso aphunzitsi okhala kunja kuphunzitsa ana a m'dzikomo pa intaneti, ndipo anthu zikwizikwi amene ankadya za kampani ya VIPKid anakhamukira kwina. Wongoyamba amapikisana ndi aphunzitsi a ku Philippines ndi ku South Africa amene ali ndi ndemanga mazanamazana. Amene amatuluka m'gulumo ndi amene ali ndi chake chapadera: kukonzekeretsa anamwino mayeso a IELTS kapena OET, Chingerezi cha akauntanti, cha ogwira ntchito m'mabungwe othandiza anthu. Pa nthawi tili pabwino, chifukwa ola lathu ndi limodzi ndi la ku Berlin ndi Madrid m'chilimwe chawo, ndipo timasiyana ndi ola limodzi lokha m'nyengo yawo yozizira.

Zolipira mwezi ndi mwezi. Preply imatenga ndalama yonse ya phunziro loyamba ndi wophunzira watsopano aliyense, kenako 33 peresenti, imene imatsika pang'onopang'ono mpaka 18 mukachulukitsa maola. Tiyerekeze kuti mwaika madola 10 pa ola. Mutsala ndi 6.70. Maola 20 pa sabata akupatsani madola 134, musanachotse bandulo, ndalama yotapira, ndi maola okonzekera amene palibe amakulipirani. Musanalembetse, fufuzani ngati njira yolipirira ya kampaniyo, kaya PayPal, Payoneer kapena Wise, ikulolani kutapa ndalama m'dziko limene muli, ndiponso pa mtengo wanji wa dola. Ubwino wake ndi wakuti kwacha ya Malawi ikagwa, monga inagwera ndi 44 peresenti mu November 2023, malipiro anu sagwa nayo.

Zoopsa. Mulibe tchuthi cholipidwa, mulibe penshoni, mukadwala mulibe ndalama. Magetsi akathima pakati pa phunziro kawiri katatu, ndemanga zoipa zimakukankhirani pansi pa mndandanda. Kampani ingathe kutseka akaunti yanu popanda kokadandaula. Ndipo ophunzira ongofuna kuyeserera kulankhula ayamba kucheza ndi mapulogalamu a AI, zimene zikufinya mitengo ya kumunsi.

## Kudzilemba ntchito nokha ku Ulaya ndi ku Britain

Pa ola, njirayi ndiyo imaoneka yonona. Ku Spain phunziro la munthu mmodzi limayenda cha pa mayuro 15 mpaka 25, ku Germany kuphunzitsa m'makampani kumaposa pamenepo, ndipo ku England makolo amalipira bwino wokonzekeretsa mwana GCSE kapena mayeso a 11-plus.

Mtengo. Kwa amene ali kale komweko ndi mapepala oyenera, ndi wochepa. CELTA imalemekezedwa kwambiri ku Ulaya. Ku Britain makolo amafunsa satifiketi ya DBS, yoonetsa ngati muli ndi mbiri ya milandu.

Kupezeka. Iyi si njira yolowera ku Ulaya. Sukulu ya zilankhulo ku Madrid kapena ku Milan siingavutike kukonzera munthu wa ku Malawi viza pamene nzika za Ireland zili pakhomo. Germany ili ndi chilolezo cha odzilemba okha ntchito, koma imafuna makalata a makasitomala ndi umboni wakuti mudzidyetsa. Ku Britain, viza ya wophunzira imaletsa kudzilemba nokha ntchito, ndipo patitaimu yolipidwa m'manja ili m'gulu limenelo. Mu February 2023 aphunzitsi a ku Zimbabwe ndi South Africa analoledwa kupempha chiphaso cha uphunzitsi cha ku England, QTS, koma a masamu, sayansi ndi zilankhulo zakunja. A Chingerezi sanawerengedwe.

Zolipira mwezi ndi mwezi. Ndi zambiri kuposa njira zonse. Ku Germany mphunzitsi wodzilemba yekha amakakamizidwa kulipira penshoni ya boma, 18.6 peresenti, yonse payekha, kuwonjezera pa inshuwalansi ya chipatala. Ambiri amadziwa mochedwa, kalata ya ngongole ya zaka itafika. Ku Spain wolembetsa ngati "autónomo" amalipira mayuro 80 pamwezi chaka choyamba, kenako ndalamayo imakwera. Ndipo maola 20 olipidwa amadya sabata yonse, chifukwa ophunzira ali mbali zosiyana za mzinda ndipo onse amafuna m'mawa kwambiri kapena madzulo.

Zoopsa. July ndi August ophunzira amabalalika, lendi osabalalika. Wophunzira amene waimba foni kutatsala ola limodzi kuti sabwera wakudyerani ndalama, pokhapokha mutagwirizana poyamba kuti azilipiriratu.

## Mayiko oyandikana nawo

Njirayi siimveka pa zotsatsa, koma ilipo. Mozambique, dziko la Chipwitikizi lozunguliridwa ndi mayiko a Chingerezi, lili mu Commonwealth kuyambira 1995, ndipo ku Tete migodi ya malasha ya ku Moatize inabweretsa makampani amene amafuna antchito odziwa Chingerezi. Wolankhula Chichewa samasowa womva naye ku Angónia kapena mumzinda wa Tete. Rwanda inasiya Chifalansa n'kutenga Chingerezi m'sukulu mu 2008, ndipo mu 2022 inalandira aphunzitsi oposa 150 a ku Zimbabwe pa mgwirizano wa maboma awiriwa.

Mtengo ndi wa basi ndi mapepala. Kupezeka kumadalira kudziwana ndi anthu, kupatula za maboma. Ku South Africa mufunika kupimitsa digiri ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro, ndi kulembetsa ku SACE, bungwe la aphunzitsi, ndipo dzikolo lili ndi aphunzitsi ake ambiri osowa ntchito. Zolipira mwezi ndi mwezi n'zofanana ndi za kwathu, kupatula lendi ya ku Maputo ndi chiphaso chokhalira m'dziko. Zoopsa ndi malipiro ochepa, malire a chiwerengero cha alendo amene kampani ya ku Mozambique ingalembe, ndi chiyeso chogwira ntchito ndi chidindo cha mlendo wongocheza.

## Ndani atenge iti

Ngati muli ndi digiri ya uphunzitsi ndi zaka zingapo m'kalasi, musataye ndalama pa TEFL. Pezani malo pa sukulu ya silabasi ya Cambridge kwanu komweko, pirirani zaka ziwiri, kenako yang'anani ku Gulf, ndipo musavomere kontrakiti yopanda nyumba. Ngati mumaphunzitsanso masamu kapena sayansi, liikeni patsogolo phunziro limenelo.

Ngati muli ndi pasipoti ya South Africa kapena ya Britain ndi digiri ya komweko, ndipo mukufuna kubweza ngongole ya sukulu m'zaka ziwiri, South Korea ikusungitsani ndalama msanga kuposa Japan. JET ndi yabwino kwa amene akufuna Japan yeniyeniyo ndipo angadikire ndondomeko yake ya miyezi yambiri.

Ngati muli ndi digiri ya phunziro lina, pasipoti ya Malawi kapena Zambia, ndipo mulibe banja lokudalirani mwezi ndi mwezi, Vietnam imalipira kuposa Thailand, pamene Thailand ndi yosavuta kulowa. Pitani ndi ndalama ya miyezi iwiri ndi tikiti yobwerera. Ndalamayo isakhale ya katapila kapena yogulitsa munda, chifukwa malipiro a kumeneko sangabweze chiwongoladzanja chotero.

Ngati muli ndi ana aang'ono, kapena ntchito ya boma imene simukufuna kuitaya, yambani ndi intaneti madzulo ndi Loweruka. Miyezi isanu ndi umodzi ikuuzani ngati mungadzaze maola, ndipo madola amenewo ndi amene angadzalipire CELTA kapena IELTS.

Ngati muli kale ku Britain, Ireland kapena Germany ndi mapepala olola kudzilemba ntchito, patitaimu ndi yabwino ngati chowonjezera pa ntchito ina. Muisandutse ntchito yokhayo pokhapokha ophunzira olipiriratu atakwana kulipira lendi ya August. Wa dipuloma yekha, amene digiri sanaitenge, atsirize kaye digiriyo. Pakadali pano zimene angazifikire ndi intaneti ndi Tete.